Nyumba ya Mapemphero ya pa Famu Ili Ngati Nkhokwe

Amene anayendapo m'misewu yochoka mu Harare kulowera ku Mazowe, Concession ndi Mvurwi, kapena ku Banket, Chinhoyi mpaka ku Karoi, amadziwa zimene zimaoneka m'mbali mwa msewu: minda ikuluikulu ya fodya ndi chimanga, mizere ya mitengo ya bulugamu, ndi nyumba zazitali za njerwa zowotcheramo fodya. Zimene sizionekera pamsewu zili kuseri, kumakomboni kumene antchito ankagona. Kumeneko kuli tinyumba ta mapemphero ndi timizikiti tomangidwa ndi anthu ochokera ku Malawi, ku Tete ndi ku Chipata, ndipo chapafupi pomwepo pali manda awo. M'nyumba zina anthu akupempherabe. Zina zinasanduka makalasi, zina mosungira feteleza, ndipo zina zinatsala zipupa zokhazokha, mbuzi zikubisalamo dzuwa.

Nkhani yosunga nyumba zakale zopembedzeramo imamveka ngati ya anthu okhuta. Wina angafunse kuti, ana ali ndi njala, kusukulu kulibe mabuku, inu n'kumadandaula za kanyumba kong'aluka? Funsolo ndi lomveka. Koma limabwera chifukwa ambiri akamva zosunga nyumba yakale amaganiza za penti, chikwangwani ndi alendo ojambula zithunzi. Kuti timvane, tiyeni tiiyerekeze nkhaniyi ndi chinthu chimene aliyense wokulira kumudzi amachidziwa, nkhokwe. Nkhokwe samangira kukongoletsa pakhomo. Imakhala pa miyala kapena pa mphanda kuti isakhudze dothi, imafoleredwa kuti mvula isalowe, m'kati mwake mumakhala chimanga, ndipo pamakhala munthu amene amaitsegula kawirikawiri. Chimodzi mwa zinayizi chikasowa, nkhokweyo siichedwa kugwa. Nyumba ya mapemphero ya pa famu nayo imadalira zinayi zomwezi.

Anazimanga ndani?

Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, amuna a ku Nyasaland ankatsikira kumwera kukasaka ndalama ya msonkho ndi ya nsalu. Ambiri ankayenda wapansi masabata angapo, kuwoloka Zambezi pa Tete, n'kukalowa ku Southern Rhodesia cha ku Mutoko. Ena ankalembedwa ndi bungwe la Rhodesia Native Labour Bureau, limene linayamba mu 1903, ndipo ntchito yake anthu ankaitcha chibalo. Mu 1946 kunabwera bungwe lina lija makolo athu ankaliti Mthandizi. Migodi ndi mafamu a ku Mashonaland zinkawameza anthuwa. Pa sitiraka yaikulu ya pa mgodi wa golide wa Shamva mu 1927, antchito a ku Nyasaland ndiwo anali patsogolo. Nkhondo yachiwiri itatha, fodya wa ku Rhodesia anapeza msika waukulu ku Britain, mafamu anachuluka, ndipo manja a alendo anafunika koposa kale. Ena anabwerera kwawo ndi njinga ndi sutikesi. Ena anatchona, nakwatira komweko, naikidwa komweko.

Munthu pochoka kwawo sasiya Mulungu wake pamudzi. Akhristu a ku Nyasaland amene ankagwira ntchito ku Salisbury, Harare wa lero, anatuma nthumwi kwawo kukapempha m'busa, ndipo mu 1912 mishoni ya Dutch Reformed inawatumizira Abusa T.C.B. Vlok, omwe aja anayambitsa nawo Mvera mu 1889 ndi Nkhoma mu 1896. Ntchitoyo inakula, ndipo mu 1965 inakhala sinodi yoima payokha, imene lero ndi CCAP Harare Synod. Komabe m'busa sakanatha kufika pa famu iliyonse sabata ndi sabata. Amene ankagwira mpingo pa famu anali mkulu wa mpingo yemwe m'kati mwa sabata anali kapitao, woyendetsa thirakitala kapena wosankha fodya. Asilamu, makamaka Ayao, anamanga timizikiti tawo, ndipo mwalimu ankaphunzitsa ana madzulo akaweruka kumunda. Akatolika, a Anglican, a Mboni ndi a Zioni analinso ndi malo awo. Nawo a gule wamkulu, amene Ashona amati zvigure, anapatula dambwe pafupi ndi manda monga achitira kwawo ku Dedza kapena ku Kasungu.

Nyumba zimenezi zimafanana kwambiri, moti ukaona imodzi waona zambiri. Njerwa zake anaumba okha ndi dothi la pachulu, Loweruka masana kapena Lamulungu akatuluka m'mapemphero, n'kuziwotcha ndi nkhuni zotsala ku fodya. Pomanga anagwiritsa ntchito matope, simenti ikangopezeka ya pakhomo ndi pa mawindo. Mabenchi ake nthawi zambiri ndi owumba, ozira ndi dothi, amuna mbali iyi, amayi mbali inayo. Kutsogolo kuli katebulo kofundika nsalu yoyera imene amayi a chigwirizano anapeta mtanda pakati. Belu ndi chidutswa cha njanji kapena chimbale chakutha cha khasu la thirakitala, chopachikidwa pa mtengo ndi waya, ndipo mwana wochiimba amachimenya ndi chibawuti. Palibe galasi la mitundumitundu, palibe nsanja.

Nanga chamtengo wapatali n'chiyani pamenepa? Taganizani zonse zimene antchitowa anamanga pa famu: damu, nyumba ya bwana, nyumba zowotchera fodya, milatho, ngakhale komboni imene ankagonamo. Zonsezo anamanga ndi manja awo, koma zinali za mwini famu. Chimene anadzimangira okha, mwa kufuna kwawo, ndi ndalama zosonkherana pa malipiro ochepa aja, ndi nyumba ya mapemphero. Ndi umboni wooneka ndi maso wakuti anthu amenewa sanali manja olima chabe, koma mudzi wokhala ndi akulu ake, malamulo ake ndi chiyankhulo chake. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Nkhokwe za boma ndi nkhokwe ya pakhomo

Pali nkhokwe zikuluzikulu za simenti ngati za ku Kanengo, zimene boma limazilondera, ndiye pali nkhokwe ya nsungwi ya pakhomo pa agogo, imene kulibe ofesi imene inailemba m'buku. Nyumba zopembedzeramo zilinso choncho. Ku Malawi aliyense amadziwa tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, munthu amene sanaphunzire za zomangamanga. Ku Mashonaland kuli mishoni ya Chishawasha, imene ansembe a chipani cha Jesuit anatsegula mu 1892, ndi malo a pafupi ndi Marondera okumbukira Bernard Mizeki, mphunzitsi wa Anglican wochokera ku Mozambique amene anaphedwa pa 18 June 1896. Malo amenewa ali ndi eni ake amphamvu, ali m'mabuku, ndipo anthu zikwizikwi amawayendera.

Bungwe loyang'anira zinthu zakale ku Zimbabwe ndi National Museums and Monuments of Zimbabwe. Lamulo limene limagwiritsa ntchito limaika maso kwambiri pa zinthu za kale chisanafike chaka cha 1890, komanso pa nyumba zomangidwa chisanafike chaka cha 1910, zimene munthu saloledwa kuzigumula kapena kuzisintha osayamba wadziwitsa bungwelo. Nyumba ina iliyonse imatetezedwa pokhapokha boma litailengeza mwapadera kuti ndi chuma cha fuko. Tinyumba ta mapemphero ta m'mafamu tambiri tinamangidwa zaka zimenezo zitadutsa kale. Motero lamulo silitiona, ndipo amene angatisunge ndi eni ake ndi anansi awo, monga momwe nkhokwe ya pakhomo imadalira a pakhomo pomwepo.

Miyala ya pansi: malowo ndi a yani?

Nkhokwe yabwino imayambira pansi. Ungaluke bwino chotani, ukaikhazika padothi chiswe chiimaliza, ndipo ukaimanga pabwalo la mnzako, tsiku lokangana adzakuuza kuti uichotse. Ili ndiye vuto loyamba la nyumba za mapemphero za m'mafamu: zinamangidwa pa malo a eni. Amalawi nkhani imeneyi si yachilendo kwa ife. Ku Magomero, pa esiteti ya A.L. Bruce, bwana William Jervis Livingstone ankawotcha timatchalitchi taudzu ta anthu a John Chilembwe ponena kuti malowo ndi a kampani, ndipo mkwiyo umenewo ndi umodzi mwa imene inabala nkhondo ya mu January 1915. Asilikali a boma atagonjetsa anthu a Chilembwe, anaphulitsanso tchalitchi chake cha njerwa ku Mbombwe.

Ku Rhodesia, ndi ku Zimbabwe ufulu utabwera mu 1980, wantchito ankakhala pa komboni chifukwa cha ntchito basi. Tchalitchi chinkaima chifukwa mwini famu anavomera pakamwa. Chaka cha 2000 chitafika, boma linayamba kulanda mafamu a azungu, amene analipo oposa 4,000, n'kuwagawa, nthawi imene anthu kumeneko amaitcha jambanja. M'mafamumo munkagwira ntchito anthu oposa 300,000, osawerengera mabanja awo. Ochepa okha ndiwo anapatsidwa malo. Ambiri ntchito inawathera. Ena anatsala m'makomboni n'kumagwira maganyu kwa alimi atsopano, ena anapita kokumba golide ku Mazowe ndi ku Shamva, ena anakaunjikana m'malo ngati Lydiate pafupi ndi Norton. Mu 2005 malamulo a dziko anasinthidwa kuti mafamu olandidwawo akhale a boma, ndipo alimi atsopano ambiri amakhalapo ndi kalata yowapatsa malo kapena ndi lizi. Poduladula mapuloti, si nthawi zonse pamene woyeza malo ankalabadira kuti apa pali tchalitchi, apo pali manda. Mpingo ukhoza kupezeka kuti ukupemphera m'puloti ya munthu amene sanaupemphe kuti ukhalepo.

Ngakhale mpingo waukulu umavutika nkhani ya umwini ikasokonekera. Kuyambira 2007 mpaka 2012 Nolbert Kunonga, amene anali bishopu wa Anglican ku Harare, anagwira matchalitchi a dayosiziyo, ndipo Akhristu ambiri ankapemphera panja, ngakhale ku malo a Bernard Mizeki ankaletsedwa kufika. Zinatengera chigamulo cha khoti lalikulu la apilo mu November 2012 kuti nyumbazo zibwerere. Iwo anali ndi mapepala ndi maloya. Nanga kampingo ka pa komboni kali ndi chiyani?

Alimi atsopanowo sitiyenera kuwaona ngati adani. Ambiri ndi anthu osauka amene makolo awo analandidwa malo omwewo ndi atsamunda, ndipo ambiri ndi opemphera. Chofunika ndi kukhala nawo pansi, pamodzi ndi khansala, amfumu ndi a ofesi yoona za malo m'bomalo, n'kulemba pa pepala kuti kuyambira pa mtengo uwu kufika pa mwala uwo ndi malo a mapemphero ndi manda, sipalimidwa. Pepalalo lisainidwe, lidindidwe, ndipo likhale m'manja oposa amodzi. Kugula malata pepala limeneli lisanapezeke ndi kufolera nkhokwe yokhala padothi.

Denga

Mayi wodziwa ntchito sadikira mvula yoyamba kuti aone ngati denga la nkhokwe likudontha. Mwezi wa October usanathe amakhala atamweta udzu, atauza mwamuna wake kapena mphwake kuti akwere. Nyumba ya njerwa zomangidwa ndi matope mdani wake wamkulu ndi madzi, ndipo amalowera kuwiri: kumwamba ndi pansi. Lata limodzi likasasuka, madzi amatsikira pamutu pa chipupa, matope a pakati pa njerwa amasungunuka, ndipo pakatha dzinja ziwiri kapena zitatu ngodya imatseguka. Pansi napo, madzi ogwa padenga akamadikha m'mbali mwa chipupa, njerwa za m'munsi zimafumbutuka mpaka chipupa chimatsala chopanda poponda.

Mankhwala ake ambiri safuna ndalama zambiri. Kukhomerera malata chaka ndi chaka, kusintha mtengo wa denga umene chiswe chadya, kukumba ngalande yozungulira nyumba, kuthira dothi m'mbali mwa chipupa kuti madzi azithawira kutali, kuzula kachere amene wamera m'ming'alu asanakule, ndi kulambula udzu kuti moto wolusa wa m'chilimwe usafike. Nyumba zambiri ku Zimbabwe zinafoleredwa ndi malata a asibesitosi, popeza dzikolo linali ndi migodi yake ku Zvishavane ndi ku Mashava. Malata amenewa akakhala athunthu ndi bwino kungowasiya. Kuwadula ndi sowo kapena kuwaphwanya kumatulutsa fumbi lowononga mapapo.

Pali kuwononga kwina kumene kumachitika ndi mtima wabwino. Nkhokwe imalukidwa ndi nsungwi kuti mphepo izidutsa. Ukaitsekereza chimanga chisanaumitsitse, chimachita nkhungu. Chipupa cha njerwa zofewa ndi matope nachonso chimafuna kupuma. Mwana wa pa famu amene anapeza bwino ku Johannesburg akatumiza matumba a simenti kuti apake pulasitala wokhuthala kunja ndi m'kati, chinyontho chochokera pansi chimasowa potulukira. Kunja kumaoneka kosalala, koma kuseri njerwa zikuwola, ndipo tsiku lina pulasitala yense amagwa ngati chikhungwa atatenga nkhope ya njerwa. Akatswiri a nyumba zakale amalangiza kuti chomangidwa ndi matope chikonzedwe ndi matope, ndipo popaka agwiritse ntchito laimu.

Kuwononga kwachiwiri kwa mtima wabwino timakuona ngakhale kuno kumudzi. Mpingo ukakula, komiti ya chitukuko imagamula zogumula tchalitchi chakale kuti njerwa zake zilowe m'maziko a chatsopano. Malo alipo, bwanji osamanga chatsopanocho pambali, chakalecho n'kukhala cha Sande sukulu, kwaya ndi misonkhano ya amayi?

Chimanga chake

Palibe amene amalondera nkhokwe chifukwa cha nsungwi zake. Chimene timatchinjiriza kwa anankafumbwe ndi makoswe ndi chimanga. M'nyumba ya mapemphero ya pa famu, chimanga chake chimakwana m'katirangi kamodzi kachitsulo, ndipo kawirikawiri kamakhala kunsi kwa bedi la mkulu wa mpingo kapena la mkazi wake wamasiye.

Mukakatsegula mupeza kope lachikuto cholimba, mizere yake yojambula ndi rula, lolembedwa ndi manja a anthu osiyanasiyana, inki ina yofiirira ndi ukalamba. Ndi buku la maubatizo: dzina la mwana, la bambo, la mayi, tsiku, ndi m'busa amene anabwera pa njinga kudzabatiza. Pali buku la maukwati, la chopereka, ndi la zokambirana za akulu a mpingo, mmene muli milandu ya mowa ndi ya mabanja. Pali makalata amene Akhristu ankabwera nawo kuchokera ku mipingo ya kwawo, ku Kongwe, ku Mlanda, ku Malingunde. Pali Buku Lopatulika lakutha m'mphepete, Baibulo lija linamalizidwa kumasuliridwa cha m'ma 1922, ndi buku la Nyimbo za Mulungu lomangidwa ndi ulusi. Mdzukulu wobadwira ku Raffingora amene amayankhula Chishona tsiku lonse, ndipo Chichewa amangochimva m'nyimbo za Lamulungu, akhoza kupeza m'kope limeneli dzina la mudzi umene agogo ake anachokera.

Mapepalawa si okumbukira zakale chabe. Mu 2001 Zimbabwe inasintha lamulo la unzika, ndipo anthu ambiri obadwira momwemo, koma makolo awo ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, anapezeka kuti salinso nzika. Malamulo oyendetsera dziko a mu 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene kholo lawo linachokera m'maiko a SADC, koma kuti munthu alandire chitupa amafunika umboni wa kumene anabadwira ndi wa makolo ake. Ambiri a m'mafamu anabadwira m'komboni, m'manja mwa azamba, popanda kalata ya kuchipatala. Mu 2021 bungwe la Amnesty International linatulutsa lipoti losonyeza kuti zidzukulu zambiri za anthu obwerawa zikadali zopanda chitupa cha dziko lililonse. Kwa munthu wotere, mzere umodzi wa m'buku la maubatizo ukhoza kukhala pepala lokhalo padziko lapansi limene linalemba tsiku ndi malo amene iye anabadwira.

Manda nawo ndi gawo la chimangachi. Ambiri alibe miyala yolembapo maina. Pali milu ya dothi, mphika wosweka kapena mbale yachitsulo yoboola. Amene akudziwa kuti apa pagona uje, apo pagona uje, ndi nkhalamba ziwiri kapena zitatu ndi adzukulu okumba manda. Iwowa akapita, manda amasanduka thengo, thengo n'kusanduka munda.

Masiku ano anthu ambiri, poopa akuba, anasiya kusunga chimanga panja. Amachitonola, kuchithira mankhwala, n'kuchilowetsa m'nyumba m'matumba. Nzeru yomweyo igwire ntchito pano. Kumene nyumba siingapulumuke, za m'kati mwake zipulumuke. Foni ya m'manja ikhoza kujambula kope lonse tsamba ndi tsamba tsiku limodzi. Zithunzizo zitumizidwe ku likulu la mpingo ku Harare, ndi ku malo osungira zolembedwa zakale a boma ku Harare ndi ku Zomba. Nkhalamba zifunsidwe mawu awo akujambulidwa, ndipo wachinyamata mmodzi ayende nazo kumanda ndi kope, akulemba mzere ndi mzere.

Nkhokwe yosatsegulidwa

Nkhokwe imene mayi amatapamo chimanga masiku onse siigwa modzidzimutsa, chifukwa iye amaona msanga pamene khoswe waboola. Imene imagwa ndi ya pabwinja. Nyumba yopembedzeramo imasungidwa ndi mapazi a anthu olowamo, ndipo Ayuda a m'chigawo chino cha Africa anaphunzira zimenezi mowawa. Anakhazikitsa mpingo wawo ku Bulawayo mu 1894 ndi ku Salisbury mu 1895, ndipo cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 analipo pafupifupi 7,000 ku Southern Rhodesia. Lero atsala ochepa kwambiri. Sunagoge wamkulu wa ku Bulawayo anapsa ndi moto mu October 2003. Mipukutu ya Chilamulo inapulumutsidwa, koma anthu oti amangenso nyumba ya ukulu umenewo panalibe. Ku Livingstone m'dziko la Zambia zinayenda mwina. Ayuda atachoka, sunagoge wawo anakhala tchalitchi cha mpingo wachikhristu, ndipo nyumbayo ikadalipo, nyenyezi ya Davide ikuonekabe pamwamba pa khomo.

Ngakhale ku England, kumene kuli ndalama, nyumba yopanda anthu ndi katundu wolemera. Kumeneko bungwe la Historic Chapels Trust linakhazikitsidwa mu 1993 kuti lizisamala nyumba zakale zopembedzeramo za mipingo ina yosakhala ya Anglican zimene zinasowa opemphera, ndipo linasonkhanitsa pafupifupi 20. Ndalama zokonzera madenga a nyumba zotsekedwa zinakhala zovuta kupeza, mpaka bungwelo linayamba kufunafuna ena oti awasiyire. Ngati zili choncho ku England, ku Centenary kapena ku Tengwe sitingayembekezere kuti kudzabwera bungwe lodzalondera nyumba yokhoma.

Choncho mpingo umene watsala anthu khumi usachite manyazi kubwereketsa nyumba yake. M'mawa apemphere a CCAP m'Chichewa, masana apemphere alimi atsopano m'Chishona, m'kati mwa sabata muphunzire ana a mkaka kapena muchitikire sikelo ya ana. Mutu umodzi susenza denga. Chachikulu ndi kugwirizana poyera kuti mtanda, belu ndi dzina la amene anamanga zisachotsedwe, ndiponso kuti aliyense wogwiritsa ntchito nyumbayo azisonkha pokonza. Pa mzikiti pali malire ake amene eni chipembedzo ayenera kunena okha, ndipo anansi awalemekeze.

Dambwe ndi losiyana ndi zonsezi, chifukwa lilibe chipupa kapena denga, ndipo si malo oti munthu wamba akajambule. Bungwe la UNESCO linazindikira gule wamkulu mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, koma m'dzina la Malawi, Zambia ndi Mozambique. Magule a m'mafamu a ku Zimbabwe sanawerengedwe nawo. Kusunga dambwe ndi kungosiya mitengo yake ili chiimire. Zimenezi si zapafupi m'dera limene alimi ang'onoang'ono a fodya achuluka ndipo aliyense akufuna nkhuni zowotchera. Nkhalango ya kumanda nayo iyenera kulowa m'pepala lija la malire.

Pamene fanizo likuthera

Fanizo lililonse lili ndi polekezera. Nkhokwe ikagwa, chaka chamawa umadula nsungwi zina n'kuluka ina, ndipo mvula ikagwa bwino chimanga chimabweranso. Za m'nyumba za mapempherozi sizibweranso. Anthu amene anayenda wapansi n'kuwoloka Zambezi atsala owerengeka, ndipo kope likadyedwa ndi chiswe palibe kumene ungakagule lina. Madzi akatayika sawoleka.

Tivomerezenso kuti si nyumba zonse zimene zingapulumuke, ndipo si onse amene akufuna kukumbukira moyo wa pa komboni, wa phoso, tikiti ndi chikoti cha kapitao. Koma kusunga nyumba ya mapemphero si kuyamikira ulamuliro wa pa famu. Ndi kusunga chinthu chimodzi chija chimene ulamulirowo sunalamule.

Ntchito yoyamba ndi yowerenga. Sinodi ya Harare, mothandizana ndi masinodi a Nkhoma, Blantyre ndi Livingstonia amene ana awo ndiwo anamanga nyumbazi, ikhoza kuuza mpingo uliwonse kuti ulembe nyumba za mapemphero za m'dera lake, zamoyo ndi zakugwa zomwe: ili pa famu iti, inamangidwa liti, mabuku ake ali ndi yani, manda ali pati. Mabungwe a Chisilamu achite chimodzimodzi ndi mizikiti, ndipo a Chewa Heritage Foundation akambirane ndi akulu a dambwe. Ofesi ya kazembe wa Malawi ku Harare ili ndi mwayi wokafikitsa mndandanda wotero kwa akuluakulu oona za malo ndi za zinthu zakale.

Inunso owerenga muli ndi mbali yanu. Mabanja ambiri ku Malawi ali ndi m'bale amene anapita ku Harare osabwerako. Ngati muli ndi nambala ya mdzukulu wake ku Mvurwi, ku Bindura kapena ku Chegutu, muimbireni sabata ino. Mufunseni kumene agogo ankapemphera, ngati denga likadalipo, ndi amene akusunga mabuku a mpingo. Akawapeza, mutumizireni ndalama ya mayunitsi kuti ajambule tsamba lililonse mvula isanayambe.